Boban sanalakwe kusiya ntchito ku UEFA

Pa 25 Januwale 2024 Zvonimir Boban, katswiri wakale wa mpira wa ku Croatia, anatula pansi udindo wake ku UEFA, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo ku Ulaya, komwe anali mkulu woona za kaseweredwe ka mpira kuyambira mu 2021. Sanachoke mwakachetechete ngati mmene akuluakulu a mabungwe otere amachokera, ponamizira kutopa kapena kufuna kukhala ndi banja. Analemba kalata yoti aliyense awerenge, n'kunena poyera kuti sangapitirize kugwira ntchito ndi Aleksander Čeferin, pulezidenti wa bungwelo, chifukwa Čeferin ankafuna kusintha malamulo m'njira yomulola kudzaimanso pa chisankho cha 2027. Chichokereni tsikulo okonda mpira sagwirizana chimodzi za munthuyu. Ena amati ndi mwamuna woima pa mfundo. Ena amati ndi wosayamika, wamtima wapachala, amene kulikonse komwe wapita amachokako atayambana ndi eni ake. Mtsutsowu sunazirale, popeza lamulo lomwe Boban anakana lija lidakali m'buku. Ine maganizo anga ndi akuti Boban anachita bwino, ndipo kuchoka kwake kunathandiza mpira kuposa mmene kukhalabe kwake kukanathandizira. Lamulo loika malire pa mpando limafa tsiku lomwe wokhala pampandoyo waloledwa kudziwerengera yekha zaka zake, ndipo likamafa chonchi pamafunika munthu wa m'nyumba momwemo woti afuule.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambire komwe lamuloli linachokera. Mu Meyi 2015 apolisi anagwira akuluakulu angapo a mpira pa hotelo ina mumzinda wa Zurich, ndipo chaka chisanathe Sepp Blatter, yemwe anatsogolera FIFA kuyambira 1998, ndi Michel Platini, pulezidenti wa UEFA kuyambira 2007, onse anali atayimitsidwa. Awiriwa makhoti a ku Switzerland anadzawapeza osalakwa pa nkhani ya ndalama yomwe inawagwetsa, koma phunziro lomwe dziko linatolapo silinasinthe: mpira unkayendetsedwa ndi anthu okhalitsa pa mipando mpaka kuiwala kuti mipandoyo ili ndi eni ake. João Havelange anakhala pulezidenti wa FIFA zaka 24. Issa Hayatou anatsogolera CAF, bungwe la mpira mu Africa, kuyambira 1988 mpaka 2017. Čeferin, loya wa ku Slovenia yemwe ambiri sankamudziwa, anasankhidwa mu Sepitembala 2016 kuti amalize teremu ya Platini, ndipo anabwera ndi lonjezo loyeretsa nyumba. Mu Epulo 2017, pa msonkhano waukulu wa ku Helsinki, iye mwini anabweretsa lamulo loti pulezidenti asapitirire materemu atatu, kutanthauza zaka 12. Anasankhidwanso mu 2019 ndi mu 2023, maulendo onse awiri popanda wopikisana naye. Aliyense wowerenga ndi zala ankaona kuti 2016, 2019 ndi 2023 ndi katatu, choncho 2027 ndi potsikira. Kenako, chakumapeto kwa 2023, kunabwera ganizo loti teremu yomwe inayamba lamulo lisanakhazikitsidwe isawerengedwe. Ganizo limeneli linatsegula khomo loti Čeferin akhale mpaka 2031, zomwe ndi zaka pafupifupi 15.

Nanga Boban ndani kuti mawu ake alemere chonchi? Anabadwira ku Imotski mu 1968, ku Croatia, yomwe panthawiyo inali mbali ya dziko la Yugoslavia, ndipo anavala lamba wa ukaputeni ku Dinamo Zagreb ali ndi zaka 19. Mu 1987, ku Chile, anagoletsa chigoli mu fainolo ya chikho cha dziko lonse cha achinyamata, n'kumenyanso penate yomaliza yomwe inapatsa Yugoslavia chikhocho pamaso pa West Germany. Ku AC Milan anapata chikho cha ligi kanayi, ndipo anali m'bwalo ku Athens mu 1994 pamene Milan inaswa Barcelona 4-0 mu fainolo ya Champions League. Mu 1998 ndiye anali kaputeni wa Croatia, dziko lomwe linali lisanakwanitse n'komwe zaka khumi, pamene linathera pa nambala yachitatu pa World Cup ya ku France. Atasiya kusewera sanathamangire ukochi ngati anzake ambiri. Anabwerera kusukulu, n'kutenga digiri ya mbiri yakale pa yunivesite ya Zagreb mu 2004, kenako n'kukhala wothirira ndemanga pa kanema ku Italy, komwe anatchuka ndi kusapsatira mawu. Kuyambira 2016 mpaka 2019 anali wachiwiri kwa mlembi wamkulu wa FIFA, ndipo anali m'gulu la anthu omwe anakankha kuti VAR, njira yothandiza woyimbira mpira ndi kanema, igwiritsidwe ntchito pa World Cup ya 2018. Munthu wotere sungamunene kuti sadziwa bwalo, sungamunenenso kuti sadziwa ofesi. N'chifukwa chake kalata yake sinathe kungoponyedwa m'dengu.

Mfundo yoyamba ya omutsutsa ndi ya malamulo, ndipo si yopepuka. Iwo amati kusinthako sikunali kuwonjezera teremu ayi, koma kukonza mawu omwe analembedwa mosalongosoka mu 2017. Amati ndi mwambo wodziwika kuti lamulo latsopano silibwerera m'mbuyo kukagwira zomwe zinachitika lisanabadwe, komanso kuti teremu ya 2016 inali yoperewera, yongomalizitsa ya munthu wina. Pa mwambo wosabwerera m'mbuyowo ndikuvomereza kuti ulipo, koma unapangidwa kuti uteteze munthu wamba ku chilango cha chinthu chomwe sichinali mlandu pomwe ankachichita. Kutsika pa mpando patatha zaka 11 si chilango. Ndipo ngati cholinga chinali kukonza mawu basi, njira yosavuta inalipo: kukonza mawuwo n'kuwonjezera chiganizo chimodzi chonena kuti pulezidenti amene alipoyu sadzapindula nako kusinthaku. Chiganizo chimenecho sichinalembedwe. Taganizirani gulu la banki mkhonde lomwe lagwirizana kuti wapampando azikhala zaka zitatu, ndiye chaka chachitatu chikutha wapampandoyo n'kubwera ndi nkhani yoti chaka choyamba chisawerengedwe chifukwa kope la malamulo linali lisanagulidwe. Mwina pa mawu olembedwa angapambane, koma mayi aliyense wa m'gulumo adziwa chomwe chachitika, ndipo kuyambira tsiku limenelo lamulo lililonse la m'kopemo ayamba kuliona ngati lokambirana. Kuonongeka kwake kuli pamenepo.

Mfundo yachiwiri ndi yoti mamembala anavota, ndiye Boban ndani kuti atsutse chifuniro cha ambiri? Zoonadi, pa 8 Febuluwale 2024 ku Paris, mabungwe 49 mwa 55 anavomera kusinthako, ndipo England inakana poyera. Koma tiyang'ane mmene votiyo inakonzedwera. Kusintha kwa materemu sikunaikidwe pakokha. Kunamangidwa mtolo umodzi ndi zosintha zina, kuphatikizapo kuwonjezera malo a amayi mu komiti yaikulu, kotero kuti wokana chimodzi amaoneka ngati wakana zonse. Kuwonjezera apo, ovotawo ndi mabungwe omwe ambiri mwa iwo, makamaka a mayiko ang'onoang'ono, amadalira ndalama zochokera ku UEFA kuti amange mabwalo ndi kuyendetsa matimu a achinyamata, ndipo ndi UEFA yomweyo imene imasankha komwe mafainolo ndi mipikisano zichitikire. Sindikunena kuti wina anagulidwa. Ndikunena kuti pulezidenti wa bungwe laling'ono akamakweza dzanja pamaso pa munthu wogawa zinthu zimenezi amaganizira za kwawo, ndipo palibe angamudzudzule. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Malire a materemu anaikidwa ndendende chifukwa cha vuto limeneli, loti wokhala pampando amapambana chisankho chilichonse chomwe waimapo. Ndiye kunena kuti ovota avomera kuchotsa malirewo n'chimodzimodzi kutchula matendawo ngati umboni woti mankhwala safunika.

Mfundo yachitatu ndi imene imakopa anthu ambiri abwino. Amati Čeferin ndi mtsogoleri wabwino, ndipo mtsogoleri wabwino sasinthidwa chifukwa cha kalendala. Amakumbutsa za Epulo 2021, pamene matimu 12 olemera kwambiri a ku England, Spain ndi Italy analengeza Super League yawoyawo, yomwe eni akewo sakanatulukamo ngakhale atagonja motani. Čeferin anaima nji, ndipo m'masiku awiri okha chiwembucho chinagwa. Izi n'zoona, ndipo ine ndili m'gulu la omwe anamuombera m'manja, ngakhale tisaiwale kuti masapota a ku England omwe anadzaza misewu anagwira ntchito yaikulu pa kugwa kwake. Koma taonani chomwe Čeferin ankateteza sabata imeneyo. Ankateteza mfundo yoti palibe timu yoyenera kukhala ndi malo osatha, kuti ngakhale Real Madrid kapena Juventus iyenera kulimbirana malo ake chaka ndi chaka. Munthu amene anakaniza matimu malo osatha sangatembenuke n'kudzikonzera yekha malo otalikitsidwa popanda anthu kuona kusiyana kwa mawu ndi zochita. Komanso malire saikidwira mtsogoleri woipa yekha. Woipa amatha kuchotsedwa ndi mlandu kapena manyazi. Malire amagwira ntchito yake yeniyeni pa wabwino, amene aliyense akumuuza kuti popanda iye zinthu zigwa, chifukwa akalemekeza malirewo iyeyo, wobwera pambuyo pake, yemwe mwina sadzakhala wabwino, sadzapeza poyambira.

Apa mpofunika kukumbukira dziko lomwe Boban akuchokera, chifukwa anthu a ku Croatia safunika kuwaphunzitsa zomwe zimachitika munthu mmodzi akaugwira mpira m'manja kwa nthawi yaitali. Kwa zaka zoposa khumi Dinamo Zagreb, timu ya mtima wa Boban, inali m'manja mwa Zdravko Mamić, yemwenso anali wachiwiri kwa pulezidenti wa bungwe la mpira la dzikolo. Timuyo inkapata ligi chaka ndi chaka ndipo inkagulitsa osewera kunja pa ndalama zambiri, Luka Modrić ku Tottenham mu 2008, Dejan Lovren ku Lyon mu 2010, kotero omuikira kumbuyo ankati onani zipatso zake. Koma masapota ambiri anasiya kupita kubwalo la Maksimir, ndipo mkwiyo unafika poti pa Euro 2016, mumzinda wa Saint-Étienne, ena mwa iwo anaponya zoyaka m'bwalo timu yawo yomwe ikutsogola 2-1 pa Czech Republic, masewero n'kuthera 2-2. Mu Juni 2018 khoti la ku Osijek linagamula kuti Mamić akakhale kundende zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka chifukwa chopatutsa ndalama za timu, zina mwa izo zochokera pa kugulitsa osewera awiri aja. Iye anali atawolokera kale ku Bosnia chigamulo chisanaperekedwe. Patangotha mwezi umodzi Croatia inafika mu fainolo ya World Cup ku Russia. Zinthu ziwirizi zinachitika pamodzi, kupambana m'bwalo ndi kuola mu ofesi, ndipo zikutiphunzitsa kuti zikho si umboni woti nyumba ili bwino. Sindikufanizira Čeferin ndi Mamić, kutalitali. Ndikungoti munthu amene waona timu yake ikudutsa m'zimenezi ali ndi chifukwa chomveka chochitira mantha akaona lamulo likupindidwa, ngakhale pang'ono, kuti likomere wokhala pampando.

Mfundo yachinayi ndi ya ulemu ndi kuyamika, ndipo kwa ife imamveka kwambiri. Čeferin ndiye anamuitana Boban, n'kumupatsa udindo womwe kunalibe kale. Kodi si mwano kunyoza poyera munthu amene anakupatsa ntchito? Bwanji sanakhale m'katimo n'kumalangiza mwakachetechete, monga wamkulu amachitira? Yankho lake lili m'kalata ya Boban momwemo: anati anakamba naye pulezidentiyo n'kumuuza nkhawa zake, koma pulezidentiyo anati apitirira nalo ganizolo. Ndiye njira ya m'kati inayesedwa ndipo inakanika. Zikatero wantchito amatsala ndi zinthu ziwiri, kukhala chete n'kumalandira malipiro, kapena kuchoka. Ndipo tisaiwale kuti Boban sanali ndi voti. Sanali membala wosankhidwa wa komiti yaikulu ngati David Gill wa ku England, yemwe anatha kutsutsa ganizoli m'chipinda cha msonkhano n'kukhalabe pa mpando wake. Boban anali wolembedwa ntchito, ndipo phindu lake lalikulu ku UEFA linali dzina lake. Ankaima pambali pa pulezidenti ngati chizindikiro choti osewera akale akhulupirira utsogoleri umenewu. Kukhalabe kukanatanthauza kubwereketsa dzina limenelo ku chinthu chomwe sankachikhulupirira. Za kuyamika, funso ndi lakuti ngongole yake inali kwa ndani. Malipiro ake sankachokera m'thumba la Čeferin. Ankachokera ku mpira, kwa anthu ogula matikiti ndi olipira kanema, ndipo ngati pali woyenera kumuyamika ndi kumuuza zoona, ndi amenewo.

Mfundo yachisanu ndi yokhudza khalidwe lake, ndipo apa ndichedwapo chifukwa omutsutsa ali ndi pogwira. Amati Boban ndi munthu wa ndewu chibadwire, ndipo amaloza pa 13 Meyi 1990. Tsiku limenelo Dinamo Zagreb imayenera kusewera ndi Red Star Belgrade ya ku Serbia pa Maksimir, patangopita masiku ochepa chipani cha Franjo Tuđman chitapambana chisankho ku Croatia, dziko la Yugoslavia likung'ambika. Masapota a mbali ziwirizi anayamba kumenyana mpira usanayambe, ndipo pakati pa a Red Star panali Željko Ražnatović, wodziwika kuti Arkan, yemwe pambuyo pake anatsogolera gulu la zigawenga pa nkhondo. Boban, ali ndi zaka 21, ataona wapolisi akumenya sapota wa Dinamo, anathamanga n'kumudumphira wapolisiyo ndi mwendo. Anayimitsidwa miyezi isanu ndi umodzi ndipo World Cup ya 1990 ku Italy inamudutsa. Ku Croatia ambiri amachitenga chithunzi chimenecho ngati chiyambi cha ufulu wawo, ena mpaka kunena kuti ndi pomwe nkhondo inayambira. Ine sindili nawo. Nkhondo ya Yugoslavia inali ndi zoyambitsa zakuya kuposa mwendo wa mnyamata mmodzi, ndipo inapha anthu ochuluka kwambiri moti si bwino kuikongoletsa ndi nkhani ya pabwalo la mpira. Kumenya wapolisi si chinthu choti tiphunzitse ana. Koma kutenga zomwe mnyamata wa zaka 21 anachita pakati pa chipolowe n'kuziyesa muyeso wa kalata yomwe bambo wa zaka 55 analemba atakhala pansi, atayamba wakambirana ndi bwana wake, si chilungamo. Mu 2024 sanamenye munthu. Anapereka zifukwa, ndipo zifukwa zimayankhidwa ndi zifukwa zinzake, osati ndi kukumba mbiri ya wozipereka.

Amalozanso ku AC Milan, komwe anabwerera mu Juni 2019 ngati mkulu woona za mpira, n'kuchotsedwa ntchito mu Malichi 2020, chaka chisanathe. Chomwe chinachitika n'chakuti Ivan Gazidis, mkulu woyendetsa timuyo, ankakambirana ndi kochi Ralf Rangnick za kudzatenga timu popanda kuuza Boban ndi Paolo Maldini, omwe ntchito yosankha kochi inali yawo. Boban anakadandaula m'nyuzipepala ya La Gazzetta dello Sport, ndipo anamuonetsa msana wa njira. Apa ndivomereze mbali ina: Boban ndi Maldini analakwitsa posankha Marco Giampaolo, yemwe anachotsedwa mu Okutobala 2019 atangoyendetsa masewero ochepa, choncho eni timu anali ndi chifukwa chokayikira. Komabe taonani zomwe zinatsatira. Rangnick sanabwere. Stefano Pioli, kochi yemwe Boban ndi Maldini anabweretsa m'malo mwa Giampaolo, anakhalabe, ndipo mu 2022 anapata ligi ndi osewera omwe ambiri anabwera nthawi ya awiriwa, monga Theo Hernández, Rafael Leão, Ismaël Bennacer, Simon Kjær ndi Zlatan Ibrahimović. Khoti la za ntchito ku Milan nalonso linagamula momukomera Boban pa kuchotsedwa kwake. Ndiye ngati nkhani ya Milan ndi umboni, ikuchitira umboni mbali yake. Munthuyu ndi wovuta kugwira naye ntchito, zimenezo sindikana, ndipo amayankhula msanga pomwe ena akanadikira. Koma kuvuta ndi kulakwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mabungwe a mpira adzaza kale ndi anthu osavuta.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi inachokera kwa Čeferin mwini. Voti ya ku Paris itangodutsa, anauza atolankhani kuti sadzaimanso mu 2027, kuti anali ataganiza kale zimenezi miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo anamunyoza Boban kwambiri, kusonyeza kuti ankadziwa za ganizoli ndipo anangofuna kudzionetsa ngati wolungama chifukwa cholakalaka mpando. Omutsatira anati mwaona, phokoso lonse lija linali lachabe. Koma mfundoyi ikudzigwetsa yokha. Ngati pulezidenti anali atatsimikiza kale zotsika, n'chifukwa chiyani sananene voti isanachitike, kuti mamembala avotere lamulo popanda kuganizira za munthu? Iye anati sanafune kusokoneza msonkhano ndiponso ankafuna kuona nkhope zenizeni za anthu ena. Kuyesa anthu pogwiritsa ntchito malamulo a bungwe si kayendetsedwe kabwino. Chachikulu koposa n'chakuti lonjezo la pakamwa si lamulo. Lonjezo limasintha munthu akadzuka ndi maganizo ena, kapena mabungwe akabwera kudzamupempha kuti apitirize, monga zimachitikira nthawi zonse. Chomwe chinalembedwa ku Paris n'chakuti akhoza kuima. Za kulakalaka mpando, palibe amene angalowe mumtima mwa Boban, koma ngakhale zitakhala zoona sizisintha kanthu pa mfundo yake. Munthu wofuna mpando akanena kuti 2016, 2019 ndi 2023 ndi katatu, kuwerengako sikukhala kolakwa chifukwa cha zofuna zake. Ndiponso wofuna mavoti a mabungwe 55 sayamba ndi kukwiyitsa munthu amene mabungwe 49 akumutsatira.

Pali mfundo ina imene omutsutsa satchula kawirikawiri, koma kwa ine ndiyo yolemera kuposa zonse. Boban anagwira ntchito zaka zitatu pansi pa Gianni Infantino, pulezidenti wa FIFA, ndipo Infantino anachita zomwezi. Anasankhidwa mu 2016 kumalizitsa teremu ya Blatter, ndipo mu Disembala 2022 khonsolo ya FIFA inanena kuti zaka zitatu zoyambazo siziwerengedwa, zomwe zikumulola kukhala mpaka 2031. Wina angafunse kuti ngati Boban ndi wa mfundo, bwanji anatumikira munthu woteroyo? Poyankha, tinene kuti Boban anachoka ku FIFA mu 2019, zaka zitatu chigamulocho chisanapangidwe, choncho sitingamusenzetse. Koma tinenenso kuti nkhani ya Infantino ikuonetsa chifukwa chake kukana kwa Boban kunali kofunika. Ku FIFA njira imeneyi inadutsa popanda wa m'nyumba aliyense kutula udindo, ndipo mu Malichi 2023 ku Kigali Infantino anasankhidwanso ndi m'manja basi, popanda wopikisana naye. Patangotha chaka UEFA, yomwe inkadzitcha chitsanzo chabwino, inatengera njira yomweyo. Umu ndi mmene chizolowezi chimafalikira: woyamba akadutsa bwinobwino, wachiwiri amati ndikungochita zomwe anzanga achita. Ku UEFA kokha ndi komwe munthu wodziwika anataya ntchito yake pokana, ndipo ndi ku UEFA komwe pulezidenti anakakamizika kuima pamaso pa atolankhani n'kufotokoza. Sindinganene motsimikiza kuti kalata ya Boban ndiyo inachititsa Čeferin kulengeza zotsika. Koma inachititsa kuti nkhani yomwe ikanadutsa ngati kukonza mawu m'buku ikhale pa masamba oyamba a nyuzipepala, ndipo aliyense wofuna kuyesanso adziwa kuti pali mtengo wake.

Ife kuno nkhani ya teremu yachitatu si yachilendo, ndipo n'chifukwa chake mtsutso wa ku Ulayawu ukutikhudza. Mu Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti wa dziko, nthawi ya a Bakili Muluzi, inagwa m'nyumba ya malamulo itaperewera mavoti atatu okha. Chaka cha 2001 anzathu a ku Zambia anali atakana zomwezo kwa a Frederick Chiluba, ndipo ena mwa okana kwambiri anali nduna za m'boma lawo lomwe. M'maiko onse awiri mfundo za ofuna kupitiriza zinali zomwe tamva pamwambapa: mtsogoleri wagwira ntchito yabwino, anthu akumufuna, otsutsa ndi osayamika ndipo akungofuna mpando. Ndipo m'maiko onse awiri chomwe chinapulumutsa lamulo sichinali otsutsa akunja okha, koma anthu a m'kati omwe analolera kutaya zomwe anali nazo. Amene amayamikira aphungu ndi nduna zija n'kumanyoza Boban ayenera kufotokoza kusiyana kwake.

Mu 2025 Boban anabwerera ku Dinamo Zagreb kukatsogolera timu yomwe anaisiya ngati wosewera mu 1991. Tsopano mpando ndi wake, ndipo mafunso omwe ankafunsa ena atembenukira kwa iye. Adzalola kuti mabuku a ndalama za kugulitsa osewera aonedwe ndi mamembala, m'timu yomwe ndalama zoterezi zinapititsa anthu kukhoti? Kochi kapena wantchito akadzamutsutsa m'nyuzipepala, monga iye anachitira ku Milan, adzamumvera kapena adzamuchotsa? Ma Bad Blue Boys, gulu la masapota a Dinamo omwe amamuona ngati ngwazi yawo kuyambira 1990, akadzachita zachiwawa pabwalo, adzawadzudzula ndi mawu omwewo amene anadzudzulira akuluakulu a ku likulu la UEFA ku Nyon? Mphamvu ya munthu wokondedwa ndi masapota ndi yoopsa kuposa ya loya wa mu ofesi, chifukwa omuzungulira amaopa kumuuza kuti walakwa. Akadzalephera pa zimenezi tidzamudzudzula, ndipo zifukwa zomudzudzulira tidzazitenga m'kalata yake yomwe ya pa 25 Januwale 2024.